Thumba la waya ndi mbewa za ku Injisuthi

Pali kaphokoso kena kamene kakana kundichoka m'makutu chichokereni ku mapiri a Drakensberg pa Pasaka wa 2025. Ndi ka mano a mbewa akupala waya. Kwe kwe kwe, kenako zii, kenako kwe kwe kwe. Ndinakamva pakati pa usiku ndili chigonere m'phanga, ndipo zimene zinayankhulidwa kutacha zasintha kasungidwe kanga ka chakudya, ku phiri ngakhalenso m'kachipinda kathu kuno ku Rosettenville.

Ndikudziwa kuti ena mukuti ku Joni kuno tinabwerera ndalama, zokwera mapiri ndi za azungu. Ndakumvani. Koma Amalawi okwera mapiri tilipo, ngakhale ndife ochepa. Loweruka lina timapita ku Magaliesberg, komwe ndi kufupi, ndipo tikasonkherana ya mafuta n'kukwana timapita kutali. Munthu amene watha sabata yonse pakati pa makoma ndi mipanda ya magetsi amafunako malo oti maso ake aone patali.

## Katundu wa anthu a kumudzi

Ulendo umenewu tinali ine, alamu anga, anyamata awiri a kutchalitchi kwathu, ndi bambo wina amene tonse timangowatchula kuti achikulire. Achikulirewa ndi a ku Mulanje. Asanabwere kuno anatha zaka zambiri akunyamulira alendo katundu ndi kuwaperekeza kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila mpaka pa Sapitwa. Masiku ano amalondera pa fakitale ina, koma mukawaona akuponda pa thanthwe lonyowa mumadziwa kuti miyendo imeneyo inaphunzirira kwina.

Tinanyamuka kusanache, kutsata msewu wa N3, kudutsa Harrismith, kutsetsereka ku Van Reenen mpaka kukapatukira ku Injisuthi. Kumeneko ndi komwe kumayambira njira yopita pa Mafadi, nsonga yayitali kuposa zonse mu South Africa muno, ya mamita 3,450. Ife sitinalinge zokafika pamwamba. Tinkafuna kuyenda m'zigwa za m'munsi n'kumagona m'mapanga. Malowa amayang'aniridwa ndi a Ezemvelo KZN Wildlife. Musanalowe mumalemba m'buku mayina anu, njira imene mudzere ndi tsiku lobwerera, kuti mukasowa adziwe kokufunani. Kusonkha moto n'koletsedwa, choncho mumaphikira pa tisitovu ta gasi.

Anzathu ambiri okwera mapiri kuno amanyamula chakudya cha m'mapaketi chongothira madzi otentha. Ife ayi. M'zikwama zathu munali ufa, usipa wokazingiratu, mtedza, chiponde, soya, tiyi, shuga, mkaka wa ufa ndi kabotolo ka Nali. Amene anakwerapo basi yochokera kumudzi akudziwa mmene fungo la usipa limayendera, ngakhale muukulunge bwanji.

Ufa wa alamu unali wapadera. Apongozi anga anawatumizira pa basi, ufa woyera wa chimanga cha makolo, wokonola, woviika, woyanika pa mphasa ndi manja awo. Alamu anakaulandira okha ku Park Station. Anapatulako wina kuti tikadyere nsima yake pa phiri Lamlungu la Pasaka, ndipo njira yonse ankangounena.

## Thumba la achikulire

Titafika m'phanga n'kudya, achikulire anapisa m'chikwama chawo natulutsa chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Linali thumba lotuwa, lonyezimira pang'ono, lolukidwa ndi waya wopyapyala wa chitsulo chosachita dzimbiri. Linkapindika mosavuta. Kukamwa kwake kunali lamba wa nsalu yolimba wokhala ndi chomatira cha Velcro, chotambalala ngati zala zitatu, ndipo pakona panali kabowo kachitsulo kolowetsapo chingwe. Anati anawasiyira ndi mlendo wina wa ku America amene anamuperekeza pa Sapitwa kalekale.

"Bweretsani chilichonse chonunkhira," anatero. "Sopo, mankhwala otsukira mano, ngakhale mapepala a maswiti ali m'matumba mwanumo."

Tinalongedza mpaka linadzaza. Zotsala zinalowa m'poto, achikulire n'kumanga chivindikiro ndi mphira wa chubu. Ufa wa alamu wokha ndi umene unasowa malo. Iwo anaukulunga m'majumbo awiri, kuuika pansi penipeni pa chikwama, kuphimba ndi juzi, n'kutseka mazipi onse. Aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi.

Thumba lija achikulire analipachika ndi chingwe pa kamtengo kamene anakapanikiza mu mng'alu wa thanthwe, cha kukhomo kwa phanga, kutali ndi mitu yathu.

## Usiku uja

Chinandidzutsa ndi kaphokoso kaja. Poyamba ndinkayesa kuti wina akukukuta mano m'tulo. Ndinayatsa tochi ya pamutu, kuwala kofiira kuja kosadzutsa anzako, n'kulozetsa kukhomo.

Mbewa inali itakakamira pa thumba, mutu kunsi, mchira uli lende. Inali yofiirira pamsana, yoyera kumimba, ya makutu aakulu. Sinathawe kuwala. Inkalowetsa mphuno pakati pa waya pamene panali jumbo ya mtedza, kununkhiza, kenako n'kuyamba kuluma. Ndinkaona nsagwada zake zikugwira ntchito, koma waya ankangoterereka pa mano. Ikaluma apa, ulusi wa wayawo unkasuntha pang'ono n'kubwerera m'malo. Inasiya, n'kukwera kukamwa kwa thumba, n'kuyesa pa lamba. Inatsikanso n'kupita pakona ya m'munsi, pamene msoko umathera. Inayesa paliponse pamene munthu wanzeru akanayesa. Inzake inatulukira pa chingwe, ziwirizo n'kuzungulira thumba lonse, thumba likugwedezeka pang'onopang'ono.

Ine ndinakulira kumudzi. Ndakumbapo mbewa m'chilimwe anthu atakolola, ndatcherapo madiwa, ndikudziwa kusiyanitsa kapuku, phanya ndi chitute. Koma moyo wanga wonse mbewa ndinkaiona ikuthawa, kapena ili kale pa mpani. Ndinali ndisanaiyang'anepo ili pa ntchito yake, modekha, kwa nthawi yaitali chotere. Ndinaona kuti kanyamaka sikachita zinthu mwachisawawa. Kamafufuza, kamayesa, kakalephera kamasintha malo. Ndipo zitaona kuti palibe chotuluka, zonse ziwiri zinakwera chingwe n'kulowa mu mng'alu.

Ndinazimitsa tochi mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti nthawi yomweyo ina inali pa ntchito kumbuyo kwanga.

## Kutacha

Bowo linali m'munsi mwa chikwama cha alamu, lokwana chala chachikulu. Inaboola nsalu ya chikwama, kudutsa pa mkono wa juzi, kuboola majumbo onse awiri. Ufa unali mbwee pansi pa chikwama, ndowe zakuda zili wakawaka m'menemo, ndipo pena unali utaumbika chifukwa cha kunyowa. Fungo la mkodzo wa mbewa silisowa.

Alamu anakhala pa mwala, jumbo ili m'manja, osayankhula. Patapita nthawi anangoti, "Ufa wa amayi."

Kenako anafunsa ngati wina ali ndi kansalu kopyapyala kuti asefe.

"Achimwene," anatero achikulire, "ndowe mutha kusefa. Nanga mkodzo musefa ndi chiyani?"

Ankanena zoona. Mu mkodzo wa makoswe ndi mbewa mumatha kukhala tizilombo toyambitsa leptospirosis, matenda amene amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya kwa minofu, munthu n'kumaganiza kuti ndi malungo, koma akakula amawononga impso ndi chiwindi. Timalowera pa bala, m'maso, m'mphuno kapena m'kamwa. Tinali kutali ndi msewu, ndipo wodwala kumeneko amachita kunyamulidwa.

Mnyamata mmodzi anati ndiye tingokhuthulira ufawo patchire. Achikulire anakananso. Anati ukatayidwa pamenepo ndiye kuti taphikira mbewa phwando, zidzaswana, ndipo ana ake adzakula akudziwa kuti m'phanga muno anthu amabwera ndi chakudya. Anati mbewa zolimba mtima ngati zimenezi zimapezeka m'malo okhawo amene anthu amagona kawirikawiri, chimodzimodzi m'nyumba za pa phiri la Mulanje. Ufawo anaumanga bwinobwino kuti tibwerere nawo ngati zinyalala.

Apa m'pamene alamu anapsa mtima. "Ulendo wina ndidzabwera ndi tameki," anatero. "Ndidzathira m'makona monse muno. Tidzaone ngati zidzabwerenso."

Palibe anadabwa. Ndi mmene ambirife tinaleredwera: khoswe akavuta, gula tameki. Achikulire anayamba amaliza kuthira tiyi m'makapu, kenako anayankha mosakweza mawu.

"Achimwene, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pano ndi pamene timaphikira. Mtsinje uwo ndi umene tikumwa, ndipo kumunsiko akumwanso anthu ndi ng'ombe zawo. Mbewa ikadya mankhwala anuwo sifera pa mbale. Ikafera panja, ndiye kadzidzi adzaitola, nkhandwe idzaitola. Mawa kubwera banja lina ndi mwana wokwawa. Ndiponso muno ndi mwawo, ife tangopempha malo ogona. Yathu ntchito ndi kutseka chakudya."

Alamu sanayankhe. Nsima ya Pasaka tinaphika ndi ufa wa m'sitolo umene unagona m'thumba la waya.

## Chifukwa chake mawu aja anandilasa

Pamene achikulire ankatchula mwana wokwawa, ine maganizo anali atathawira kale ku Joni. Miyezi yochepa m'mbuyomo, mu Okutobala 2024, ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi ku Soweto anamwalira atadya tizakudya togula pa spaza, kagolosale ka m'makomboni. Nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala ophera tizilombo m'minda amene amagulitsidwa mozemba m'misewu kuti anthu aziphera makoswe. Pa 15 Novembala chaka chomwecho, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anayankhula ku mtundu wonse, nanena kuti ana osachepera 22 anali atamwalira, ndipo anatchula kuchuluka kwa makoswe chifukwa cha zinyalala zosatoledwa ngati chimodzi mwa zokankhira anthu ku mankhwala oterewa. Tonse obwera tikukumbukira mmene masabata amenewo analili, mmene anthu ankatiyang'anira pa takisi, poti ambiri ankaloza chala obwera ogulitsa m'ma spaza.

Tameki amene timamudziwa kwathu ndi aldicarb, ndipo kuno analetsedwa mu 2016. Koma pitani pa renki iliyonse yaikulu, mupeza timapepala ta njere zakuda kapena zotuwa tili pa tebulo limodzi ndi mabatire ndi zikhomo za zovala, popanda dzina, popanda chenjezo. Wogula sadziwa n'komwe kuti wagula chiyani.

Pabwalo pamene timachita lendi pali mabanja angapo, mpope umodzi, zimbudzi ziwiri. Kuseri kwa zimbudzizo nthawi zina ndinkaona zidutswa za buledi zowazidwa njere zomwezo. Mwana wathu wamkazi amasewera pabwalo pomwepo, ndipo ali pa msinkhu woti chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Ndili m'phanga muja, kapu ya tiyi ili m'manja, ndinaona bwinobwino mtunda wa pakati pa khomo lathu ndi buledi uja. Ndi masitepe ochepa kwambiri.

## Mmene thumbali limagwirira ntchito

Nditabwerera ndinafufuza za matumba amenewa. Anatchuka ku America, makamaka pakati pa anthu oyenda ndi kugona mu Grand Canyon ku Arizona, kumene mbewa, agologolo ndi akhwangwala anazolowera kuba chakudya cha alendo. Odziwika kwambiri ndi Ratsack ndi Outsak. Alipo aang'ono okwana chakudya cha munthu mmodzi, alipo aakulu a gulu, ndipo ngakhale aakuluwo safika theka la kilo. Kwa munthu amene amanyamula chilichonse kumsana, kupepuka kumeneku ndi nkhani yaikulu. Kumeneko nkhani ya mbewa saitenga mwachibwana. Mu 2012 anthu 10 amene anagona ku paki ya Yosemite anadwala hantavirus, yofalitsidwa ndi mbewa za kumeneko, ndipo atatu anamwalira.

Chinsinsi chili pa mano. Mano anayi akutsogolo a mbewa ndi khoswe sasiya kukula moyo wake wonse. Kutsogolo kwa dzino n'kolimba kwambiri, kumbuyo n'kofewerapo, ndiye likamagwira ntchito limadzinola lokha. N'chifukwa chake nsalu ya chikwama, tenti, jumbo, katoni, thabwa ngakhale chigubu cha pulasitiki si kanthu kwa izo. Chimene zimafuna ndi pogwira basi, kam'mphepete kapena kakona koti dzino likole. Waya wolukidwa uja ndi wolimba moti sadukaduka, komanso amasuntha, ndiye dzino limasowa pokola. Mabowo ake ndi aang'ono kwambiri. Izi n'zofunika chifukwa mbewa yaing'ono imadutsa pa mpata wa mamilimita 6 okha.

Mundimve bwino apa, chifukwa mnzanga wina nditamufotokozera anabwera ndi thumba la malalanje. Matumba a ukonde a malalanje kapena anyezi ndi a pulasitiki, mbewa imadula kamodzi n'kamodzi. Sefa wa m'mawindo woteteza udzudzu nayenso sathandiza, kaya ndi wa pulasitiki kaya wa aluminiyamu. Chofunika ndi chitsulo chosachita dzimbiri.

## Zimene silingathe

Sindikufuna kuti wina akawononge ndalama zake akuganiza kuti wagula chozizwitsa. Thumbali lili ndi malire ake, ndipo ena ndawaona ndi maso.

Silitseka fungo. Mbewa zidzabwerabe, zidzakwera, zidzasiya ndowe ndi mkodzo pamwamba pake. Choncho chakudya chizikhala m'zotengera zina mkatimo, ndipo m'mawa muzisamba m'manja mukaligwira, musanayambe kukonza phala. Sililetsa madzi, sililetsa nyerere. Shuga wosamanga bwino mudzam'peza wakuda ndi nyerere ngakhale ali mkati.

Chinthu chofewa chikatsamira waya, mbewa imatha kuchinyenya pang'onopang'ono kudzera m'mabowo. Buledi, mabisiketi ndi jumbo ya mtedza ziikeni pakati, zolimba zikhale kunja. Musadzaze thumba mpaka kufufuma. Ufa ine tsopano ndimauthira m'mabotolo a chiponde otsukidwa ndi kuumitsidwa, botolo lililonse nsima imodzi ya gulu, ndipo usipa nawo umalowa m'botolo lakelake. Zimenezi zachepetsanso fungo m'chikwama.

Chomatira chija chimafuna chisamaliro. Njere za udzu ndi ufa zikadzazamo chimasiya kugwira, ndiye muzichipukuta ndi kamswachi kakale. Potseka yendetsani chala kuchokera kona ina mpaka kona inzake, chifukwa kampata kakang'ono kotsala kumapeto ndi komwe mbewa imayambira kufufuza. Wayayo amakhulanso zinthu. Mukaliika m'chikwama pafupi ndi jekete la mvula kapena matiresi opopa, mudzapeza zitabooka. Likulungeni m'chitenje chakale kapena m'jumbo yolimba.

Ndiye pali akuluakulu awiri amene thumbali siliwaopsa. Woyamba ndi khwangwala wa khosi loyera, amene ku Drakensberg ndi wochenjera zedi. Mlomo wake ndi wamphamvu, amajompha kudzera pa waya mpaka kuphwanya za mkati, ndipo akapatsidwa nthawi amalimbana ndi chomatira. Wachiwiri ndi nyani. Nyani safuna kuboola, amangonyamula thumba lonse n'kukwera nalo pa thanthwe. Ku Magaliesberg ndi ku Drakensberg komwe anyani alipo ambiri. Choncho masana musasiye chakudya pamtetete n'kupita kukasamba ku mtsinje. Thumbali ndi la usiku, la tinyama ting'onoting'ono. Kwawo ku America amanenanso poyera kuti chimbalangondo sichiletsedwa nalo.

Chomaliza ndi chimene achikulire anatiphunzitsa usiku wotsatira. Mukachotsa chakudya chonse m'chikwama, siyani mazipi onse otsegula. Fungo limatsalira mu nsalu, ndiye mbewa idzafuna kulowa. Ikapeza potseguka imalowa, kununkhiza, n'kutuluka. Ikapeza potseka imaboola.

## Ngati ndalama palibe

M'masitolo a zokwerera mapiri amene ndinalowamo kuno sindinalipeze. Lathu tinachita kusonkherana n'kuitanitsa kunja, ndipo mtengo wotumizira ndi msonkho zinatipweteka. Kwa munthu wolandira ya pa sabata, amenenso akutumiza kumudzi, si chinthu choyambira kugula. Nsapato zabwino ndi jekete la mvula zimabwera patsogolo.

Koma chitsulo tili nacho kale. Poto amene mukuphikira ndi nkhokwe yokwanira ya munthu mmodzi kapena awiri, bola chivindikiro chikhale chokhala bwino ndipo chimangidwe ndi mphira kapena chitsamiritsidwe ndi mwala wolemera. Chitini cha Ricoffy kapena cha mkaka wa ufa chimalowa mtedza, shuga ndi tiyi, koma ngati chivindikiro chake ndi cha pulasitiki, chitembenuzeni chikhale chozondoka pa thanthwe losalala, mwala pamwamba. Chitini cha mabisiketi a Khirisimasi, chija amayi amasungiramo singano ndi ulusi, ndi chabwino koposa. Vuto la zitini ndi lakuti sizipindika. Chakudya chikatha mumanyamulabe chitini chopanda kanthu, ngakhale ife timaikamo zinyalala pobwerera.

Ngati mukupachika chakudya m'jumbo kapena m'thumba la nsalu, kupachika kokha sikukwanira, chifukwa ndinaona ndi maso anga mbewa ikutsika pa chingwe. Boolani pansi pa kachitini kopanda kanthu, lowetsani chingwe, mangani mfundo kuti kachitiniko kakhale kozondoka pakati pa chingwe, pamwamba pa chakudya. Mbewa ikafika pamenepo imasowa pogwira. Oyenda mu njira yaitali ya m'mapiri ya Appalachian Trail ku America amachita zimenezi m'misasa yawo. Nditaziona ndinakumbukira nkhokwe ya agogo anga, imene miyendo yake anaiveka malata opindidwa ngati chipewa kuti khoswe akakwera azibwerera pomwepo. Njirayi si yotsimikizika ngati waya kapena chitini, chifukwa mbewa ina imadumpha kuchokera pa thanthwe, choncho pachikani patali ndi khoma.

Ndipo phikani mosamala. Mbewa zambiri za m'mapanga zimakhalira nyenyeswa zathu. Mpunga wotayikira pansi, makoko a nsima otsukidwira pakhomo, chikho cha tiyi wotsala, zonsezo ndi zimene zimaziitana. Tsukirani ziwiya patali ndi pogona komanso patali ndi mtsinje, ndipo zotsala zonse zilowe m'chitini cha zinyalala.

## Pabwalo pathu

Sabata imene tinabwerera ndinakambirana ndi mayi a kunyumba, ndipo tinayambira m'chipinda chathu. Ufa, mpunga ndi nyemba zinachoka m'matumba n'kulowa m'ndowa za malita 20 za zivindikiro zothina. Buledi ndi zina zofewa zimagona mu thiranki yachitsulo imene tinagula kwa ogulitsa zakale. Tinasuntha bedi ndi kabati n'kupeza mabowo awiri, pamene paipi imalowera ndi pakona ya chitseko. Tinatsekamo waya wotsukira mapoto n'kumata simenti pamwamba. Pansi pa chitseko tinakhomerapo kachidutswa ka lata. Mbale sizigonanso zosatsuka, ngakhale titatopa bwanji.

Kenako inatsala ntchito yovuta, yoyankhula ndi anzathu apabwalo. Pali Amalawi, pali a ku Zimbabwe, pali a ku Mozambique, aliyense ndi mavuto ake, ndipo palibe amene amakonda kuuzidwa zochita ndi mnzake wa lendi. Ndinayambira kwa amayi ena achikulire a ku Mangochi amene onse amawamvera. Ndinawafotokozera za ku Naledi, zimene ankazidziwa kale, ndi za buledi wa kuseri kuja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo a mwana, mwanena zoona, koma makoswe akutidyera ufa. Tichite chiyani?" Funso lawolo linali lachilungamo. Munthu sungamulande chida chimene akudalira osamupatsa china.

Tinasonkherana n'kugula bini yokhala ndi chivindikiro, ndi misampha ya sipuling'i imene timatchera usiku ana atagona n'kuichotsa m'mawa. Loweruka lina amuna tonse tinachotsa mulu wa matabwa ndi matayala umene unali kuseri, momwe munali zisa. Amayi aja ndi amene anayenda khomo ndi khomo kunena za ndowa.

Makoswe sanathe. Sangathe pamene zinyalala zimagona mumsewu masiku ambiri, ndipo makoswe a mu Joni si timbewa ta ku phiri, ndi zinyama zazikulu zosaopa munthu. Ku komboni ya Alexandra mu Joni momwemuno anafika poika mabokosi a akadzidzi m'masukulu kuti azigwira makoswe, nkhani imene ambirife imatiumitsa thupi chifukwa cha mmene tinaleredwera za mbalame imeneyi. Ine maganizo anga pa kadzidzi asintha. Mbalame yodya makoswe usiku uliwonse ndi yothandiza, ndipo ndi yoyamba kufa tikamathira mankhwala. Koma m'nyumba mwathu makoswe salowanso, ndipo m'zipinda zina zitatu akunena chimodzimodzi.

Bambo mmodzi pabwalopo akugulabe timapepala tija. Amati misampha ndi yochedwa. Ndimayankhula nawo mwaulemu nthawi ndi nthawi, ndipo pakadali pano anavomera kuti asamaike panja pamene ana amafika, komanso asamasunge pa shelefu imodzi ndi mchere ndi shuga. Chifukwa mankhwalawo akadalipo pabwalo, tinagwirizana kuti aliyense adziwe zizindikiro: mwana kutuluka malovu ambiri ndi thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kupuma movutikira, timaso takuda kuchepa kwambiri, kunjenjemera. Zikatero osamumwetsa mkaka kapena mafuta ophikira, osamukakamiza kusanza. Kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, kutenga kapepala ka mankhwalawo kuti adokotala akaone, ndipo wina aziimba ku Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, imene imayankha usana ndi usiku. Nambalayi tinailemba ndi penti pakhoma la pampope.